Ana a zaka 5 ndi 6 akasakaniza penti chimatuluka ndi matope okhaokha, ndithandizeni

NaTembo wa ku Mchini:

Moni nonse, makamaka inu aphunzitsi anzanga a ana aang'ono ndi inu odziwa za penti. Ndabwera ndi mavuto awiri a pa ola lojambula.

Ndimaphunzitsa ana a zaka 5 ndi 6 pasukulu ina kuno ku Chipata. Chiyambireni maphunziro aulere muno mu Zambia mu 2022 ana achuluka, moti m'kalasi mwanga alimo opitirira 40. Zojambulira zimene tili nazo ndi penti waufa wa mitundu itatu, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, timaburashi tochepa, ndi makatoni amene ndimapempha m'mashopu a ku Down Shops. Mapepala oyera ndi osowa, amathera ku mayeso a makalasi akuluakulu.

Chimene ndikufuna temu ino si nyumba, mtengo ndi dzuwa pakona. Zimenezo ana amajambula kale, ndipo onse amajambula nyumba imodzimodzi, denga losongoka, chitseko pakati, mawindo awiri, ngakhale mwana amene agogo ake amagona m'nyumba yozungulira yaudzu. Nyumba imeneyo anaitola pa bolodi, sanaione ndi maso awo. Ine ndikufuna mwana ayambe waona mtundu pawokha ndi mzere pawokha. Aone kuti chofiira chikagundana ndi chobiriwira chimachita kuyaka, koma chofiira chomwecho chikakhala pambali pa olenji chimafatsa. Adziwe kuti chithunzi chikhoza kukoma m'maso popanda kufanana ndi ng'ombe kapena galimoto. Ndipo asamangodalira penti yekha. Azimata tizidutswa ta chitenje, mchenga, makoko a nshawa, ulusi, mapepala a nyuzi ong'amba ndi manja, zonsezo pa katoni limodzi ndi pentiyo.

Maganizo amenewa ndinawatenga ndili ku koleji, titaonetsedwa chithunzi cha mu 1913 cha Wassily Kandinsky, wojambula wochokera ku Russia. Ndi pepala logawidwa m'timabokosi 12, ndipo m'kabokosi kalikonse muli zozungulira, china m'kati mwa chinzake, chilichonse ndi mtundu wake. Mwini wakeyo sankajambula chinthu ayi, ankayesa kuti mtundu uwu ukakhala pafupi ndi uwo umaoneka bwanji. Chithunzicho chikusungidwa ku Munich, ku Germany, mpaka lero. Ine ndinaona kuti ntchito imeneyo mwana wa zaka 5 angaithe, aliyense kabokosi kake, kenako n'kulumikiza tonse pakhoma.

Vuto loyamba ndi ili. Ndikaika mitundu itatuyo patebulo, sipatenga nthawi mbale zonse zimasanduka mtundu umodzi wa matope. Chikasu ndi buluu zimayesako kutulutsa chobiriwira, ngakhale chodera kwambiri. Koma chofiira ndi buluu, zimene buku limati zimabereka pepo, kwa ife zimabereka bulauni wakuda. Kodi cholakwika ndi penti wathu, madzi, kapena manja a ana?

Lachiwiri ndilo likundilemera. Mwana akapita ndi katoni kunyumba, funso loyamba limakhala lakuti "Chimenechi n'chiyani?" Akasowa choyankha amachita manyazi, ndipo mawa lake amabwera kudzandipempha kuti ndijambule nyumba pa bolodi akopere. Kamtsikana kena kanakhala chete nthawi yaitali kakuyala tizidutswa tachikasu mozungulira kadontho kamodzi kabuluu, ndipo kwa ine inali ntchito yoposa zonse tsikulo. Mawa lake kanandiuza kuti amake anakolezera mbaula katoniyo. Sindikuwaimba mlandu amayiwo, kwa iwo chinali chikatoni chakuda ndi penti basi. Koma zinandipweteka. Ndiwafotokozere bwanji makolo kuti ola limeneli sitikutaya nthawi?

Ngati wina akudziwanso zomatira zotsika mtengo andiuze. Guluu wa m'shopu sitingakwanitse ndi ana ochuluka chonchi.

Mwale wa Zikwangwani:

Madam, ine ntchito yanga ndi kulemba zikwangwani ndi kupenta mashopu, ndiye ndiyankha la matopelo. La makolo ndisiyira ena.

Madzi alibe mlandu. Mitundu itatu imeneyo ikakumana yonse pamodzi imazimitsana, chotsala ndi bulauni kapena chotuwa. Penti ndi mmene alili, kaya wa ana kaya wanga. Tsono chimene chikukusokonezani n'chakuti mukuyesa kuti mwasakaniza mitundu iwiri pamene mwasakaniza itatu. Penti wofiira waufa wa m'masukulu kawirikawiri amakhala wopendekera ku olenji, ndiye kuti m'kati mwake muli kale kachikasu. Mukamuthira mu buluu, kachikasu kobisalako kamapha pepo. Pepo wabwino amafuna chofiira chopendekera ku pinki. Mukafuna kutsimikiza, lowani mwa anyamata osindikiza zithunzi m'tauni muone mabotolo a inki ya pulinta. Mupeza chikasu, buluu wowala amene amati cyan, pinki wamphamvu amene amati magenta, ndi wakuda. Chofiira mulibe, makina amachipanga okha posakaniza magenta ndi chikasu. Choncho mukadzagulanso penti muwonjezepo pinki ndi woyera. Woyerayo musamuiwale, chifukwa pepo wopanda woyera amada kwambiri, mukadonthezamo pang'ono ndi pamene amatseguka.

Koma chachikulu, musaike mitundu yonse itatu patebulo tsiku limodzi. Tsiku la chikasu ndi buluu likhale la iwiriyo basi. Mwana avundule mmene angathere, matope sangatuluke, zonse zidzakhala zobiriwira zosiyanasiyana, china cha msipu wongomera kumene, china cha masamba okhwima a mango. Sabata ina chofiira ndi chikasu. Ndipo nthawi zonse aziyamba ndi mtundu wowala n'kumadonthezamo woderayo. Buluu ali ngati mchere m'ndiwo, mumathira pang'onopang'ono chifukwa ukachuluka simungauchotse. Ana ambiri amayambira ku buluu n'kumathiramo chikasu, chikasu chonse n'kutha koma chobiriwira osaoneka.

Mtundu uliwonse ukhale ndi burashi yake yosachoka m'mbale mwake, ndipo mwana azisakanizira m'chitsekerero cha chigubu, osati m'mbale ya onse. Za makatoni: katoni ndi yabulauni kale, imameza chikasu. Pakanipo penti woyera wamadzi wa PVA inu nokha dzulo lake, ziume, mudzaona kusiyana kwake.

Bulauniyo musamude. Ana akadziwa kupanga chobiriwira ndi olenji, apatseni tsiku lopanga bulauni mwadala, aone kuti wina amapendekera kofiira, wina kobiriwira. Ine pa zikwangwani ndimamufuna kwambiri pochita mithunzi ya zilembo.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Wina akakupatsani penti wamafuta wotsala pomanga nyumba, mukane. Amafuna thinazi pochapa, ndipo mapenti ena amafuta amakhala ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana. Ufa wakuda wa m'mabatire, umene ena amadetsera bolodi, nawonso usafike m'manja mwa ana.

aNaphiri a ku Katete:

Mwana wanga NaTembo, ine ndinapuma pa uphunzitsi, koma nkhani yanuyi yandidzutsa. Mzungu wa zozungulirayo sindikumukana. Koma mukafuna kuti makolo akumveni, musayambire ku Munich. Yambirani pakhomo pawo.

Mvula ikatha, amayi kumidzi kuno amazira nyumba ndi kukongoletsa makoma. M'munsi amapaka mtsiro wakuda, pamwamba katondo, kenako mizere yoyera, timakona, madontho a nsonga za zala. Ndani anaimapo pabwalo n'kufunsa mayi kuti chimene wajambula pakhomacho n'chiyani? Timangoti mwakongoletsa nyumba, amayi. Chitenje chimene anavala mayi wokolezera mbaula uja, mwina nachonso chili ndi mizere ndi zozungulira zosafanana ndi chinthu chilichonse, koma anachisankha yekha pakati pa zitenje zambirimbiri pamsika chifukwa mitundu yake inamugwira mtima. Diso limenelo ali nalo kale. Kungoti sukulu inamuphunzitsa kuti cha pa pepala chiyenera kukhala ndi dzina.

Ndipo si za lero. M'mapanga a dera lino muli zojambula zakale, ku Thandwe cha kwanuko, ku Mkoma kuno ku Katete, mpaka kutsidya ku Chongoni ku Dedza, malo amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zojambula za m'mapanga otere zili mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale kwambiri, amati anajambula ndi Akafula, ndipo zambiri ndi zozungulira, mizere yoyandikana ndi madontho. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, za chinamwali ndi za gule. Zoyerazo zili ndi eni ake, musazibweretse m'kalasi ya ana. Koma chozungulira chofiira m'kati mwa chinzake chinali pa miyala yathu kalekale Kandinsky asanabadwe. Ku South Africa kuli mayi wachi Ndebele, Esther Mahlangu, wobadwa mu 1935. Anaphunzira kukongoletsa makoma kwa amake ndi agogo ake, amajambula ndi nthenga za nkhuku, ndipo mu 1991 kampani ya BMW inamupatsa galimoto kuti aikongoletse ndi mizere yomweyo ya pakhoma. Makolo auzeni zimenezo.

Tsopano za zipangizo. Penti wanu wogulayo musungire masiku ophunzira kusakaniza. Masiku ena gwiritsani dothi. Tumani mwana aliyense abwere ndi dothi lodzaza dzanja la kwawo, ndipo mukayala pa nyuzi mudzadabwa: katondo wofiira, lachikasu la pamene akumba chitsime, lakuda la kudambo, lotuwa la pachulu. Liume, musinje mu mtondo, musefe ndi kansalu. Makala opera akupatsani chakuda, zidutswa za choko zotsala pa bolodi zikupatsani choyera. Buluu yekha ndi amene simudzamupeza m'dothi.

Zomatira ndi ufa wa chinangwa. Sefani bwino, sungunulani m'madzi ozizira, thirani m'madzi owira mukutakasa mpaka ulendewere. Kaphala kolimbirako kamamata nsalu ndi mchenga, kamadzimadzi mumasakaniza ndi dothi lija kuti penti wake asamayoyoke akauma. Muziphika m'mawa wa tsiku lomwelo, chifukwa kakagona kamasasa. Maburashi akachepa, nthenga za nkhuku zilipo, ndiponso kamtengo kakawisi kosasantha kunsonga.

Pali china chimene ana anga ankachikonda koposa. Wiritsani makoko ofiira a lumanda, madzi ake mupake pa pepala loyera. Mwana adonthezepo madzi a ndimu mbali ina, chidulo kapena madzi a soda mbali inayo. Pa ndimu pamafiira kwambiri, pa chidulo pamada n'kupendekera kobiriwira, mwana akuona. Mtundu wake sukhalitsa, umazilala, koma mwana saiwala kuti mtundu umasintha.

Atate ake Dalitso:

Madam, ine ndine kholo, wanga ali m'kalasi ya msinkhu womwewo kusukulu ina. Mundilole ndilankhule mosabisa, pakuti mwafunsa za ife.

Chaka chamawa mwana wanga alowa Giredi 1. Chimene ndimayang'ana m'chikwama mwake ndi chakuti kodi akulemba dzina lake, kodi akudziwa manambala. Ndikapezamo katoni ya madontho, mtima umandiuza kuti mwina aphunzitsi anatopa n'kuwapatsa ana penti kuti akhale chete. Sindikunena inu, koma zoterozo ziliko. Chachiwiri ndi yunifolomu. Tili nayo imodzi, ndipo sopo sakutsika mtengo. Dothi la katondo likalowa m'malaya oyera amake mwana amavutika nalo.

Koma funso langa lenileni ndi ili. Mwana akajambula nyumba, ine ndikhoza kuona kuti chaka chatha inali yokhota, chaka chino yawongoka, ndiye kuti akukula. Nanga pa zanuzi mudziwa bwanji kuti waphunzira? Ngati chilichonse chimene mwana wapaka n'chabwino, ndiye kuti wakhama ndi waulesi ali chimodzimodzi. Ine sindifuna mwana wanga azolowere kuyamikiridwa pa chinthu chimene sanachivutikire.

NaTembo wa ku Mchini:

Zikomo a Mwale, mwandimasula pa za pepo, ndipo mitundu iwiri patsiku ndiyamba nayo Lolemba. Amayi aNaphiri, ndathokoza. Msonkhano wa makolo ukubwerawu ndipempha amayi atatu aimirire ndi zitenje zawo, ndiwafunse chifukwa chimene anasankhira chimenecho osati china.

Atate ake Dalitso, simunalakwe kufunsa, ndipo funso lanu lomaliza ndi limene mphunzitsi aliyense ayenera kuliyankha. Za yunifolomu mukunena zoona. Ndipempha kuti mwana aliyense abwere ndi malaya akutha a atate ake kapena kachitenje kakale, tizivala pamwamba ndipo zizikhala kusukulu konkuno.

Si chilichonse chimene chili chabwino, ayi. Mwana amene wangothira penti n'kuthamangira panja ndimamubweza, ndimamufunsa kuti mbali iyi waisiyiranji, akhalenso pansi. Ndipo pali zinthu zimene ndingakuonetseni ndi maso kumapeto kwa temu. Ndikamupatsa Dalitso chikasu ndi buluu n'kunena kuti andipangire zobiriwira zitatu zosiyana, angathe kapena ayi? Ndikamupatsa mulu wa tizidutswa ta chitenje, angatindandalike kuyambira kowala mpaka kodera? Ndikaika kansalu kofiira pa chobiriwira, kena pa olenji, angandiuze pamene kakuoneka kwambiri ndiponso chifukwa chimene iye akuganizira choncho? Kumayambiriro ambiri satha. Akadzatha, ndiye kukula komwe mukufunako, ndipo kumaoneka mofanana ndi kuwongoka kwa nyumba.

Za kulemba, ola limeneli silikulanda kanthu. Mwana amene zala zake sizinalimbe amagwira pensulo ndi chibakera ndipo amatopa asanamalize mzere. Kung'amba pepala pang'onopang'ono motsata mzere, kutola kaulusi ndi zala ziwiri, kufinya kansalu pa zomatira, zonsezi zimalimbitsa zala zomwe zija zogwirira pensulo. Ndipo tayang'anani zilembo za dzina lakuti Dalitso. Muli chozungulira mu a ndi mu o, muli mzere woima mu l, i ndi t, muli wokhotakhota mu s. Mwana amene wazunguza dzanja lake kambirimbiri ndi nthenga pa katoni yaikulu safika pa o ngati mlendo.

Nyumba sindikuiletsa. Ajambule nyumba, ajambule ng'ombe, koma zikhale zimene waziona iye. Henri Matisse, wojambula wa ku France, ankadziwa bwino kujambula nkhope ndi thupi la munthu. Atachitidwa opaleshoni mu 1941 thupi linafooka, ndipo m'zaka zotsatira anatembenukira ku sizasi. Omuthandiza ankapaka penti pa mapepala, iye n'kumadula ndi kuwauza pomata. Mu 1953, kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire, anapanga chithunzi cha nkhono chimene chili ku London, kutalika kwake pafupifupi mamita atatu. Mulibe nyanga, mulibe maso, muli zidutswa za mapepala amitundumitundu zoyalidwa mozungulira mmene chigoba cha nkhono chimapotokera. Munthu ameneyo anayang'anitsitsa nkhono mpaka anatsala ndi kupotoka kwake kokha. Kuyang'anitsitsa kumeneko ndiko ndikufuna mwa ana anga, ndipo ndikudziwa kuti mvula ikagwa nkhono zidzadzaza kuseri kwa kalasi, tidzayamba taziyang'ana tisanagwire sizasi.

Chimene ndikupempha kwa makolo n'chaching'ono. Kuseri kwa katoni iliyonse ndizilembako mawu a mwana mwini, mmene wanenera, kaya wati "apa ndinafuna pawale" kaya wati "buluu anandithera". Inu mukalandira, m'malo mofunsa kuti n'chiyani, mufunseni kuti unayamba ndi mtundu uti, nanga chobiriwira ichi unachipanga bwanji. Pamenepo mwana ali ndi yankho, ndipo mudzamva nokha ngati anavutikira kapena ayi. Ngati aphunzitsi a Dalitso amachita zofananazi, yesani funso limeneli madzulo ano.

Ndatsala ndi nkhawa imodzi, amayi aNaphiri. Ntchito zomatidwa ndi chinangwa, mphemvu ndi makoswe sizitha usiku umodzi? Ndimafuna zikhale pakhoma mpaka makolo adzazione.

aNaphiri a ku Katete:

Zimadya ndithu mukaziunjika pansi zisanaume. Ziyanikeni padzuwa mpaka ziume gwa, kenako mangani chingwe kuchokera pa windo kufika pa windo lina, muzipachike ndi mapegi zisakhudze khoma. Nyengo ino yotentha zimauma tsiku lomwelo. Nthawi ya dzinja zimachita nkhungu, ndiye muchepetse chinangwa, muzigwiritsa kwambiri makala ndi choko.

Pa zomata muchenjere ndi njere. Nyemba ndi chimanga ana a msinkhu umenewu amaziika m'mphuno ndi m'makutu, ndipo ine sindinkakonda kuseweretsa chakudya pamaso pa mwana amene mwina wabwera osadya. Njere za nsatsi ndi zokongola koma ndi poizoni, zisalowe m'kalasi. Nkhadze nayonso ayi, utomoni wake umaononga maso. Makoko a nshawa, mchenga wosefa ndi nsalu n'zokwanira. Nsaluzo pitani kwa atelala a pamsika wa Kapata ndi kathumba, muwauze kuti n'za ana asukulu, ndipo muwapemphe akusungireni zopanda maluwa, za mtundu umodzi, chifukwa pophunzitsa kundandalika kuyambira kowala mpaka kodera ndi zimene mudzazifune kwambiri.